Belu la a Silvesta

Kwathu kuno, mkati mwa Mtakataka, tili ndi katchalitchi komwe ansembe amabwera mwa apo ndi apo. Belu lathu ndi limu ya lole yopachikidwa pamtengo wa bwemba, ndipo mwini wake, ngakhale sanaigule, ndi a Silvesta. Akhala akuliza beluli kuyambira ine ndikuphunzira katekisimu. Chitsulo chomenyera amasunga kuchipinda, chokulungidwa m'nsalu.

A Silvesta ndi mlimi wa thonje ngati tonsefe. Kwaya anayesapo, tinawapempha mwaulemu kuti apume. Kuwerenga Mawu kuguwa amachita chibwibwi. Ulemu wawo wonse m'mudzi muno uli pa belu, ndipo iwo amadziwa zimenezo. Malamulo a kalizidwe kake ngodziwika ngakhale kwa anzathu Asilamu. Likalira mofulumira ndiye kuti ndi mapemphero. Likalira limodzilimodzi, kupuma pakati, ndiye kuti kwagwa zovuta.

Papa atamwalira Pasaka atangotha, a Silvesta anayamba kuyenda ndi wailesi kulikonse, ndi kumunda komwe. Ankakamba za makadinala, akuluakulu a mpingo osankha Papa watsopano, ngati abale awo a ku Golomoti. "Awatsekera m'chipinda, mafoni awalanda," ankatiuza. "Satuluka mpaka utsi wapadenga uyere, kusonyeza kuti asankha." Koma tsiku lomwe utsiwo unayera, mabatire anali atatha. Nkhani anaimva m'mawa mwake, Lachisanu, pawailesi ya eni ake: Papa watsopano wasankhidwa, mabelu a ku Roma alira, kwinanso m'maiko alira. Zinawapweteka kwambiri kuti dziko lonse linaliza mabelu iwo ali mtulo. Sanafunse ndi a Yohane omwe, wapampando wa tchalitchi. Anangotola chitsulo, ulendo wa kubwemba.

Cholinga chinali chabwino, kuliza belu lachimwemwe. Koma a Silvesta ali ndi nyamakazi paphewa, ndipo m'mawawo kunali kachisanu. Anamenya mofulumira pang'ono chabe, phewa n'kugwira. Anasinthira kumanzere, dzanja losazolowera. Akamenya kamodzi ankayamba apuma kaye, n'kumenyanso.

Ife kumunda tinangoyang'anana. Panalibe wofunsa kuti ndani, chifukwa tonse tinkadziwa kuti a Kaliati, msodzi wakale uja, mnzawo wa a Silvesta wa paubwana, akhala chigonere kuyambira nthawi ya mvula. Tinasiya matumba a thonje m'mizere. Amayi anatapa ufa m'mbale, ena kusenza nkhuni, adzukulu okumba manda n'kutola makasu. Pofika panjira yolowera kwa a Kaliati, amayi anauyamba mfuwu wa maliro.

Tinawapeza a Kaliatiwo ali pamphasa kukhonde, akuwothera dzuwa, mbatata yootcha ili m'manja. Amayi akutsogolo anaudula mfuwu uja. Akumbuyo, omwe sankaona kanthu, anapitiriza kulira ndi mtima wonse, ena akutchula ndi dzina lomwe.

"Wamwalira ndani?" anafunsa a Kaliati.

Aliyense anayang'ana pansi. A Yohane anakhosomola. "Ayi bambo, tinangoti tikuzondeni."

"Ndi makasu?"

Nthawi yomweyo a Silvesta anatulukira, akumwetulira mpaka m'makutu, atagwira phewa. "Abale, mwasonkhana bwino. Tili ndi Papa!" Sindinaonepo nkhani yabwino ikulandiridwa ndi maso oterowo.

Lamulungu lake akuluakulu a tchalitchi anakhala pansi. A Silvesta anapepesa, anafotokoza za phewa, anakumbutsa kuti zaka zonsezi sanachedwetsepo mapemphero. A Yohane anati madzi akatayika saoleka: anthu anataya tsiku la ntchito, mwana wa a Kaliati wa ku Salima anaimbiridwa foni n'kukwera minibasi akulira njira yonse. Chitsulo anawalanda, a Yohane n'kuyamba kuliza okha. Kalizidwe kawo kanali ngati munthu wokhoma chigaba.

Ife tinkaseka, koma a Silvesta anafota. M'tchalitchi anasamukira kumbuyo, wailesi anaisiya kunyumba. Ana akawaona ankafunsana mokweza ngati utsi wayera. Ine chisoni chinandigwira, pakuti munthu wamkulu kumulanda chinthu chimodzi chomwe amatha n'kumuvula pagulu.

Kwa a Kaliati, a Silvesta anatenga masabata osapitako, manyazi. Mpaka odwalawo anachita kuwaitanitsa, ine n'kuwaperekeza.

"Achimwene, mukundithawa chifukwa chiyani?" anatero a Kaliati. "Miyezi yonseyi wobwera kuno munali inu nokha. Tsiku lija ndinaona mudzi wonse pakhomo panga. Ndinaona olira zenizeni ndi ongotsegula pakamwa. Ufa uja anachita nawo manyazi kubwerera nawo, tikudyabe. Ndani winanso anaonapo maliro ake ali ndi mbatata m'manja?"

A Silvesta anaseka koyamba chilandidwireni chitsulo. Tisanachoke, a Kaliati anandituma kwa a Yohane ndi mawu akuti tsiku lawo likadzafika, belu adzalize a Silvesta, osati wina.

Linafika mu Julaye, m'mawa. Mawu a womwalira sakanidwa, choncho a Yohane anabweretsa chitsulo okha, n'kunena kuti a Silvesta achisunge ndithu, iwo chawatopetsa. A Silvesta anaima pabwemba paja n'kuliza limodzilimodzi, bwinobwino, monga mwa lamulo lake.

Koma anthu kalizidwe ka a Silvesta amakadziwa. Atamva kuti dzanja ndi lomwe lija, sanasiye ntchito. Wina kudimba anafunsa mnzake ngati ku Roma kwachitikanso kanthu. Amayi anati ulendo uno sanyamula ufa asanamve bwino. A Silvesta analiza mpaka phewa linakana, njira ya kwa a Kaliati ili mbee.

Ndiye anayamba kuyenda khomo ndi khomo, chitsulo chili m'manja. Pathu anafika maso atafiira, mawu atasasa. Sanakhale ndi pampando pomwe.

"Ndi a Kaliati," anatero. "Lero sindinalakwitse."