Nsanza ya Pansi pa Mpando

Galimoto ija inali ya mkazi wanga. Anaigula ili yokalamba kale, tisanakwatirane, kuti azinyamulira mabelo a salaula, zovala za kaunjika, kupita nawo kumsika wa ku Matero, kumene tinkakhala. M'mawa inkalira bwinobwino, koma ikatenthedwa pamzere wa magalimoto inkatsokomola kawiri n'kuzima. Iye ankatsika, n'kutsegula boneti, n'kuchita zake kutsogoloko, ine ndili m'kati. Kenako ankabwera kudzakhala pambali panga, tikumacheza mpaka anene kuti tsopano ilira. Ndipo inkaliradi. Sindinamufunsepo chimene ankachita.

Atamwalira, galimotoyo inakhala pabwalo miyezi khumi ndi umodzi. Tsiku limene achibale anagawana zovala zake, ndinakasesamo. Pansi pa mpando ndinapeza botolo la madzi ndi chidutswa cha chitenje chake chakale, chodetsedwa ndi oilo. Botololo ndinataya. Chidutswacho ndinachichapa, n'kuchisita, n'kuchiika m'sutikesi, chifukwa ndi nsalu yake yokhayo imene inanditsalira.

Chaka chitayandikira kukwana, tinakonza zovundukula mwala wa pamanda. Apongozi anga, mayi ake a malemu, anaimba foni ali ku Katete. Maondo awo anali atayamba kuvuta, koma ananena kuti kumanda sapita pa minibasi kapena pa galimoto ya tchalitchi. Akufuna kukwera ya mwana wawo. Ndinavomera. Panali milungu iwiri.

Ndinaikamo batire lina, inalira. Nditaiyesa, inandizimira pakati pa msewu, makondakitala akundikuwiza. Ndinadikira izizire, n'kupita nayo kwa makanika wina wachikulire wa ku komboni ya George, amene garaja yake ndi mthunzi wa mtengo wa mango. Ndinafika ndi mndandanda wa zimene ndinawerenga pa foni. Tinasintha sefa ya petulo. M'mawa mwake inazimanso. Ndinadikiranso, ndinapitanso nayo, tinasintha mapulagi. Ulendo wachitatu bamboyo anamvetsera injini ikulira ngati yatsopano, n'kupukuta manja.

"Imwe bosi, katatu konse mwanibweletsela wodwala atachila kale. Nizapima cani?"

Anakwera pambali panga, pampando umene mkazi wanga ankakhala, n'kunena kuti tiyende kumene imakonda kufera. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lili pamutu. Ndinalowa msewu wa kutauni, umene ndinkaulambalala chiyambire maliro, popeza ndi womwe tinkadutsa popita kuchipatala. Tinakwawa pamzere pafupifupi ola. Pafupi ndi mayi wina wootcha chimanga, inatsokomola kawiri n'kuzima.

Mkuluyo anatsika mofulumira ngati mnyamata. Anati injini imafa ndi njala kapena ndi kusowa moto, ndipo tiyenera kudziwa isanazizire. Anamasula kapaipi, petulo anali kufika. Anazula waya wa pulagi, n'kuuyandikiza kuchitsulo, n'kundiuza ndilize. Panalibe kuthetheka kulikonse. Anakhudza koyilo, kachitini kamene kamatumiza moto kumapulagi, n'kuchotsa dzanja msanga. Anapempha madzi kwa mayi wa chimanga uja, ananyowetsa mpango wake, n'kuukulunga pa koyiloyo.

Ali chiweramire, anandiitana kuti ndione. Pa chitsulo chogwira koyilo panali ulusi wofiira ndi wachikasu, wopsa m'mphepete, wokodwa pa bawuti.

"Alipo amene anali kuidziwa motoka iyi," anatero. "Anali kuika nsanza yonyowa apa. Ni ndani?"

"Akazi anga."

"Muwauze ati ni amakanika. Akanabwela okha, sembe tinasiliza tsiku loyamba."

Ndinamuuza kuti anatisiya chaka chatha. Anavula chisoti. Tinakhala m'mphepete mwa ngalande, tikudikira. Patapita nthawi anati ndiyese. Inalira.

Tsiku lotsatira anaikamo koyilo ina, n'kuisunthira kutali ndi kutentha kwa injini. Tinazungulira nayo masana onse, Matero, tauni, Chawama, osazima.

Apongozi anafika kuchokera ku Katete Lachisanu, ndipo Loweruka ndinawanyamula kupita kumanda. Anakhala kutsogolo, manja pamiyendo, maluwa ali kumbuyo. Titalowa pamzere uja ndinaona akuyang'anayang'ana boneti. Anati ulendo wina atabwera kudzationa, mwana wawo anawatenga kusiteshoni, galimoto n'kuzima. Anakhala m'mbali mwa msewu akudya chimanga, ndipo m'pamene mwana wawoyo anawauza zinthu zambiri za ine. Sanandiuze kuti zinthu zanji.

"Lero siima kodi, apongozi?" anandifunsa.

"Inakonzedwa, amayi."

Anagwedeza mutu, osaoneka kuti akondwa. Tinayenda pang'ono. Kenako ndinapatukira pambali, pafupi ndi mbaula ya mayi wa chimanga, n'kuzimitsa ndekha. Nthawi inalipo; abusa anati afika mochedwerapo. Ndinagula chimanga chimodzi, tinaduliranako pakati. Apongozi anayamba kufotokoza za tsiku lija, pang'onopang'ono, ine ndikumvetsera.

Kumanda tinafika anthu asanayambe nyimbo yoyamba. Madzulo ake ndinatsegula sutikesi, ndinatulutsa chidutswa chija, n'kukachibwezera pansi pa mpando, pamodzi ndi botolo la madzi.