Masiliva a Bambo a Sikelo

Dzina lawo lenileni linatsalira pa chiphaso. Msewu wonse unkawadziwa kuti Bambo a Sikelo, chifukwa ntchito yawo inali yomweyo: kuyala kansalu pansi, kuikapo sikelo yoyezera anthu, n'kukhala pa kampando kudikira woti akwerepo. Munthu akakwera, iwo ankawerama, n'kuona pamene kamuvi kaima, n'kunena motsitsa mawu ngati dokotala. Amayi onenepa ankawachotserako pang'ono, ati za nsapato ndi chikwama. Anyamata owonda ankawawonjezera. Malipiro ake inali ndalama imodzi yachitsulo, ija yaing'ono imene anthu a matayi akaigwetsa saiweramira n'komwe.

Ntchitoyi anaiyamba kampani imene ankagwirako umesenjala itatsekedwa. Pa ndalama zowatsanzika nazo panatuluka sikeloyo ndi malata owerengeka, basi. Malo anawapeza pakhonde la banki, pamthunzi, pamene anthu otuluka ndi malipiro ankafuna kudziwa ngati thupi likugwirizana ndi thumba.

Ana a lero sangakhulupirire, koma kale banki inali malo olandira anthu. Munali mabenchi. Munali madzi akumwa. Mawindo onse ankakhala ndi anthu, osati zikwangwani zoti "pitani pa windo lina." Pa windo lachitatu pankakhala Mayi a Magalasi, mayi wamfupi wolankhula mokweza, amene ankadziwa aliyense ndi matenda ake omwe. Lachisanu lililonse Bambo a Sikelo ankalowa ndi masiliva awo, n'kutuluka ndi ndalama zapepala.

"Bambo, musamabwere nawo ali mbwee ngati miyala ya mumsewu," anatero mayiwo tsiku lina. "Muzisanja ofanana okhaokha, muziwakulunga ndi tepi, mulu uliwonse paokha. Ine ndikangoona kutalika kwake ndadziwa kale."

Bamboyo anali munthu womvera. Kuyambira tsiku limenelo, madzulo alionse akaweruka ankakhala pakhomo, n'kusanja, n'kukulunga ndi tepi mwaluso, molimba, moti mulu ukagwa pansi sunkamwazika.

Kenako Mayi a Magalasi anapuma pa ntchito. Mabenchi anachotsedwa, ati amadzaza malo. Madzi aja anapita osatsanzika. Pakhonde anaikapo makina otulutsa ndalama, ndipo Bambo a Sikelo anauzidwa kuti asunthire kutsidya kwa ngalande, padzuwa, poti akuipitsa maonekedwe a nyumba. Atalowa ndi masiliva awo Lachisanu lina, anauzidwa kuti abwere anthu akachepa. Anthuwo sankachepa. Atabwezedwa kangapo anagwa ulesi, n'kuyamba kuponya milu ija m'zitini za penti kunsi kwa bedi. Ankati adzapita nazo zikadzaza. Zitini zinadzaza zitatu, zaka zikupita, tepi ikusanduka yachikasu.

Ndiye maso a akazi awo anayamba kuchita mtambo. Poyamba ankalephera kulowetsa ulusi m'singano. Kenako anayamba kuthira madzi pambali pa kapu. Tsiku limene anapsa dzanja pofufuza poto pamoto, bamboyo anawagwira mkono kupita nawo kuchipatala. Kumeneko anati ndi ng'ala, maso onse awiri, koma imachotseka. Dokotala wa maso anali wobwera, ndipo ankachoka kutha kwa mweziwo. Ndalama zake chipatala sichinkalandira pamanja. Munthu akalipire ku banki, abwere ndi risiti.

"Musadandaule, amayi," anatero bamboyo pobwerera. "Maso anu ali kunsi kwa bedi."

"Ndiye n'chifukwa chake sindikuona," anayankha mayiwo.

M'mawa mwake anabwereka wilibala kwa neba, n'kukweza zitini zija. Pakhomo la banki mlonda, amene kwa zaka ankakwera sikelo ulere, anatambasula dzanja.

"Madala, penti ndiye ya chiyani? Mwapeza ganyu?"

"Ndalama izi, achimwene."

Mlonda anasuzumira m'chitini, n'kuimba mluzu. "Lowani, koma ine sindinakuoneni."

Anapatsidwa kapepala ka nambala, n'kuima. Mawindo anali ambiri, otsegula awiri okha. Kumbuyo kwa galasi anthu ovala bwino ankadutsana ndi makapu a tiyi, osayang'ana mzere, ngati mmene munthu sayang'anira mvula akakhala m'nyumba. Pakhoma panali chithunzi chachikulu cha banja likuseka, pansi pake atalemba kuti kasitomala ndiye bwana. Bwanayo miyendo inachita dzanzi, zitini akuzikankha ndi phazi mzere ukasuntha.

Atafika pa windo anapeza mtsikana wa zikhadabo zofiira, maso ali pa kompyuta.

"Ndikuthandizeni."

"Mwanangu, ndabwera kudzalipira za chipatala. Koma ndalama zake ndi izi."

Mtsikanayo anadzuka pang'ono, n'kuona zitini, n'kukhalanso.

"Masiliva timalandira kwa okhawo ali ndi akaunti, agogo."

"Akaunti ndili nayo. Ndinatsegula inu musanabadwe."

Zikhadabo zinagogoda. "Inagona imeneyi."

"Idzutseni."

"Si pano. Pitani pa desiki apo. Wotsatira!"

Pa desiki panali bambo wachinyamata wa tayi yopyapyala, waulemu kwambiri, ulemu uja woti munthu akukukana uku akumwetulira. Anafotokoza kuti kandalama kamene kanatsala mu akauntimo kanatha ndi zodula za mwezi ndi mwezi. Anati kuti idzuke pafunika chithunzi chatsopano. Anatinso masiliva amalandiridwa Lachitatu m'mawa basi, chifukwa amawerengedwa ndi makina, ndipo pa ntchito ya makinawo banki imadulapo kenakake.

"Mundidule chifukwa ndakubweretserani ndalama?"

"Ndi ndondomeko, bambo."

"Kodi masilivawa anapanga ndine?"

"Ndikumvetsa, bambo. Koma ndi ndondomeko."

Mawu amenewa, ndondomeko, ndi mpanda umene anthu ophunzira amabisalako akafuna kuti asachite manyazi. Munthu sungakangane ndi ndondomeko. Ilibe nkhope, ilibe mayi, sipita kuchipatala.

Lachitatu anabweranso, chithunzi chili m'thumba, wilibala atabwerekanso. Tsiku limenelo sikelo sinagwire ntchito, monganso tsiku loyamba lija. Anawalowetsa m'kachipinda ka kumbuyo mmene munali makina aja, chinthu chonga chigayo chaching'ono. Wogwira makinawo, bambo wa ovololo yabuluu, anatola mulu umodzi, n'kuutembenuza, n'kuseka.

"Izi ndiye ziti, madala? Maswiti?"

"Anandiphunzitsa ndi a banki yomwe ino."

"Ndani?"

"Mayi a Magalasi, a pa windo lachitatu."

"Sindikuwadziwa."

Anang'amba tepi ndi kiyi. Tepi yokalambayo inachoka, koma ulimbo wake unatsala. Masiliva anali omatana, akuda m'mbali, onata ngati agwera m'uchi. Ataponya ochepa m'makina, makinawo analira kawiri, n'kutsamwa, n'kuima.

"Mwaona? Mundiphera makina. Kawatsukeni. Mubwere Lachitatu."

Bambo a Sikelo anafuna kunena kuti zaka zonsezi ankachita zimene anauzidwa, kuti tepiyo ankagula ndi ndalama zawo pofuna kupeputsa ntchito ya banki. Koma wa ovololoyo anali atawerama kale, akutokosa makina ake ndi waya.

Sabata imeneyo nyumba yonse inanunkha parafini. Bamboyo ankang'amba tepi ndi mpeni, mayiwo ankasupula ulimbo ndi zala m'beseni. Ntchito imeneyi sinkafuna maso, moti mayiwo ankaithamanga kuposa amuna awo. Akatha parafini ankatsuka ndi sopo, n'kuyanika pa thumba kuseri kwa nyumba, bamboyo atakhala pambali ndi ndodo kuopa anthu odutsa.

"Anzathu amayanika zovala," anatero mayiwo, "ife tikuyanika ndalama. Aneba aziti talemera."

"Alekeni atero. Mwina angayambe kutipatsa moni."

"Ndinakuuzani ine, abambo, kuti tepi yanuyo mukuchita kuwonjeza. Mulu umodzi ngati mukumanga mwendo wothyoka."

"Munandiuza liti?"

"Mumtima."

Zala za mayiwo zinasupuka khungu, koma sanadandaule. Ankangofunsa kuti mwezi watsala pati.

Lachitatu linalo bamboyo anafika chitseko chisanatsegulidwe. Masiliva anali mbee, akuwala ngati atsopano. Mlonda anawaona akubwera ndi wilibala, n'kuyang'ana kumbali. Pa chitseko cha kachipinda kaja panali pepala: makina awonongeka.

Anapita pa desiki ya wa tayi uja.

"Okonza achokera kutali, bambo. Mwina sabata yamawa."

"Sabata yamawa dokotala adzakhala atapita. Werengani ndi manja. Ndikuthandizani, ndasanja kale."

"Sitiloledwa kuwerenga ndi manja."

"Manjawo muli nawo a chiyani?"

Wa tayiyo anamwetulira. "Ndikumvetsa kukhumudwa kwanu."

"Simukumvetsa, mwanangu. Mkazi wanga akuyenda chogwira khoma. Ndalama zake ndi izi, zili pamaso panu. Si zakuba, si zachinyengo. Zinatuluka m'nyumba yomwe ino. Lero zabwerera kwawo, mukuti simukuzidziwa?"

Mawu anali atakwera. Anthu a pamzere anatembenuka, ena n'kung'ung'udza movomereza, koma palibe anachoka pamalo pake, poti aliyense ankasunga nambala yake. Wa tayiyo anakodola mlonda ndi chala. Mlonda anabwera pang'onopang'ono, n'kunyamula chitini chimodzi yekha.

"Tiyeni, madala," ananong'ona. "Musandichotsetse ntchito."

Kunja dzuwa linali litakwera. Bamboyo anakhala pa mkono wa wilibala kwa kanthawi. Mkwiyo unali utatha. Chinatsala ndi kutopa, kuja kolowa m'mafupa.

Kumunsi kwa msewu kunali golosale ya bambo wina wonenepa, amene anthu ankamutcha Chimimba. Iyeyu tsiku lililonse ankasowa chenje chobwezera makasitomala, ndipo aliyense ankadziwa zimenezo. Anamvetsera nkhani yonse atatsamira kauntala, akutokosa m'mano.

"Pepani, akulu. Anthu a banki alibe chisoni," anatero. Kenako anatchula zimene angapereke pa zitini zitatuzo.

Bamboyo anaseka, kuseka kopanda mano. "Aja amadula ndi lumo, inu mwabwera ndi nkhwangwa."

"Nanga ine ndi banki? Ndikungokuthandizani. Mukafuna dikirani makina."

Zimene Chimimba anapereka sizinkakwana ngakhale diso limodzi. Panatsala kampata. Chimimba anayang'ana kudenga, ngati ganizo langomufikira kumene.

"Sikelo yanu ija ikadali yolimba? Pakhomo panga pano ingakhale bwino. Anthu akagula shuga azidziyeza."

Bamboyo anagwira mikono ya wilibala. Sikeloyo inawadyetsa kuyambira tsiku limene kampani inawataya. Ankaipukuta m'mawa uliwonse, mvula ikagwa ankaifunditsa jekete lawo iwo n'kunyowa. Anakankha wilibala ya zitini zopanda kanthu kupita kunyumba, n'kuchotsa sikeloyo pa msomali pamene inkapachikidwa. Mayiwo anali gone kuchipinda. Sanawadzutse.

Masana omwewo anaimanso pamzere, ndalama zapepala zili m'thumba la malaya. Mtsikana wa zikhadabo zofiira anazilandira osafunsa za akaunti, n'kudinda risiti. Ntchito yonse inatha munthu asanameze malovu. Panatsala kachenje koti abwezeredwe. Mtsikanayo anakoka kabati, n'kufufuza, n'kuitseka.

"Pepani agogo, masiliva tilibe. Akuvuta masiku ano. Wotsatira!"

Bamboyo anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatenga risiti, n'kutembenuka. Pafupi ndi chitseko panali kabokosi ka mabatani a nkhope, ina yoseka, ina yokwiya, kofunsa kuti takutumikirani bwanji lero. Anadina yokwiyayo. Sinayake.

Dokotala anachotsa ng'ala ya diso lakumanja lokha, poti ndalama zinangokwana limenelo, n'kupita kwawo mwezi utatha. Tsiku lomasula bandeji mayiwo anabwerera kunyumba osagwira mkono wa munthu. Anaima pakati pa chipinda, akuphethira, n'kumayang'ana chilichonse ngati mlendo: makatani ofwifwa, mwaye kudenga, zitini zitatu zopanda kanthu pakona. Kenako diso linaima pa msomali.

"Sikelo ili kuti, abambo?"

"Ili kwa Chimimba."

"Yakatani?"

"Ikugwira ntchito."

Mayiwo anakhala pa bedi. Sanalire, poti dokotala anawaletsa kutikita diso. Anawayang'ana amuna awo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwakalamba," anatero.

"Diso limodzi lomwelo mwayamba nalo chipongwe. Akanakhala awiri bwenzi nditasamuka."

Masiku ano Bambo a Sikelo amakhala pakhomo pa golosale ya Chimimba, pa kampando komwe kaja, pambali pa sikelo yomwe ija. Amaipukutabe m'mawa. Amayi onenepa amawachotserabe za nsapato. Masiliva amalowa m'kabati ya Chimimba, ndipo madzulo iye amawatapira ochepa m'dzanja, malinga ndi mmene wadzukira. Akadutsa pa banki amayenda kutsidya kwa ngalande, ndipo mlonda akawapatsa moni amangokweza dzanja.

Zitini zija bamboyo anafuna kuzitaya, koma mayiwo anakana. Anazitsuka, n'kuzibwezera kunsi kwa bedi.

"Lakumanzereli likudikira," anatero.

Madzulo amenewo bamboyo anaponyamo masiliva awiri, osakulunga. Analira m'chitini chopanda kanthu, phokoso lalikulu kuposa mtengo wake.