Mapini a M'duku la Azakhali

Tinanyamuka ku Chilobwe cha m'ma sikisi m'mawa, ine ndi azakhali anga, telala wa pamsika wathu. Kwa milungu itatu thupi linkawatentha, kumanja kwa mimba kukuwabaya. Kuchipatala anali atapeza chinthu pachiwindi, koma sanathe kunena ngati chinali chithupsa kapena chotupa cha khansa, choncho anawalembera tsiku lokajambulidwa ndi makina a MRI. Azakhali sanadikire yankho. Anadziweruza okha kuti kwawo kwatha, ndipo dzulo lake anandipatsa makina awo osokera, amene sankalola munthu ngakhale kuwapukuta fumbi. Ndinalandira ndi manja awiri, koma mtima ukuwawa.

Kondakita anatidula wani faifi aliyense n'kutipanikiza anayi pampando wa atatu.

"Sunthani pang'ono, masteni, ndinu ochepa thupi inu!"

"Ndachepa ndi matenda, achimwene, sikuti ndimafuna kukupindulitsani," anayankha azakhali, minibasi yonse n'kufa nazo.

Pa Kamba fungo la mandasi linalowera pawindo. Azakhali anangomeza malovu, poti akuchipatala anali atawaletsa kudya.

Tinatsika pa Ginnery Corner seveni itangokwana, n'kuyenda pang'onopang'ono mpaka kuchipatala. Wojambula anali mayi wofatsa, wa maso akuthwa. Anatiuza kuti makinawo ndi chimaginito champhamvu, ndiye chitsulo chilichonse chitsale panja. Azakhali anavula ndolo n'kulumbira kuti zatha, poti zosoka anasiya. Mayiyo sanatsutse, anangopempha duku lawo n'kuyamba kulisanthula. Munatuluka mapini asanu ndi awiri ndi singano yokhala ndi ulusi wake.

"Mukuti munasiya zosoka, mayi? Wosiya ntchito sayenda ndi zida," anatero akuika mapiniwo m'kaenvulopu.

Ine ndinakhala pabenchi panja, ndikumva makinawo akugunda ngati chigayo. Azakhali anandiuza pambuyo pake kuti anawabaya jakisoni wa mankhwala owalitsa zithunzi, ndiponso kuti mawu a mayi uja sanawasiye okha m'chimphanga cha makinawo: "Kokani mpweya, gwirani, pumani tsopano."

Cha m'ma thuu koloko adokotala anatiitana. Pakompyuta panali chiwindi cha azakhali, chodulidwa magawomagawo ngati buledi, pomwe mwini wake anali pambali panga wopanda bala ngakhale limodzi. Kunena zoona ndinagoma nawo anthu amenewa.

"Chotupa chimakhala mnofu," anatero adokotala akuloza ndi bolopeni. "Koma taonani ichi, pakati pali zamadzimadzi, ndipo khungu lake lawala mozungulira. Awa ndi mafinya, mayi. N'chithupsa. Tikugonekani lero, tiwapope ndi singano, kenaka mankhwala milungu ingapo."

Ndinalira osabisa. Ulendowu unandiphunzitsa kuti zinthu ziwiri zopweteka malo amodzi sizikhala matenda amodzi, ndipo si bwino kugawa katundu odziwa asanaone.

Azakhali sanalire. Tili m'khonde lopita kuwodi, anandituma kukatenga kaenvulopu kaja, n'kubwezeretsa mapini awo m'duku. Kenaka anandiyang'ana cham'mbali.

"Iwe, makina osokera aja wawagwiritsa kale ntchito?"

"Ayi, azakhali."

"Wachita bwino. Ukawabweze pomwe unawatenga. Ndipo fumbi ndikapukuta ndekha."