Nkhuyu za ku Linda

Atate atafa ziwalo mbali ya kumanja, pakamwa pawo panapotoka ndipo chakudya chinasiya kuwakomera. Tinkakhala nawo ku komboni ya George, m'nyumba imene anamanga atangobwera kuchokera ku Katete, ine ndi mwamuna wanga tili m'zipinda zakumbuyo. Phala ankalavula. Nthochi ankaziyang'ana ngati zawatukwana. Chimene chinkalowa ndi nkhuyu za mumkuyu wa pabwalo pathu, umene anaubzala okha ndi nthambi yochokera kumudzi. Ankaing'amba nkhuyu ndi chala cha kumanzere, kuuzira mkati kuti tizilombo tichoke, n'kudya. Zikalowa nkhuyu zingapo, phala nalo linkapeza njira.

Mwamuna wanga ndi wa ku Kitwe, munthu waukhondo wopyola muyezo, woti sopo amamudziwa dzina. Anaona atate akuuzira nkhuyu, tizilombo tikuyenda pachala pawo, ndipo zinamunyansa. Sanandiuze kanthu. Anabwereka pampu yopopera nsikidzi ndi mphemvu, ndipo ine ndikapita kumsika kukagulitsa salaula, zovala za kaunjika, iye ankausambitsa mankhwala mtengo wonse, sabata ndi sabata, kuti tizilombo tisabwerere.

Nkhuyu zakale zitatha, mtengo unatulutsa zatsopano monga mwa nthawi zonse, tating'ono tobiriwira todzaza panthambi. Tinadikira kuti zikule. Sizinakule. Zinayamba kuyoyoka zili zolimba ngati miyala, ndipo m'mawa uliwonse ndinkasesa mulu. Ndinadziwa chimene chinachitika tsiku limene ndinapeza pampu kuseri kwa chimbudzi.

"Nenze kufuna chabe kuti batata bazidya vaukondo," anatero mwamuna wanga. "Muntu odwala angadye bwanji vinyerere? Si imwe mumakamba kuti chikomekome cha nkuyu, mukati muli nyerere?"

Ndinamulalatira mpaka anansi anatuluka m'nyumba zawo. Atate anali pampando wawo pansi pa mtengo, ndipo anagogoda ndodo pansi kuti ndikhale chete. Mawu ankawavuta, moti ndinachita kuwerama kuti ndimve.

"Mwanawe, nkhuyu yopanda eni ake siipsa."

Zambiri ndinadzaziwerenga pambuyo pake, koma mutu wake ndi womwewo. Tizilomboto si nyerere ayi, ndi abale a mavu, ang'onoang'ono kwambiri. Mkuyu maluwa ake amakhala mkati mwa nkhuyu. Kakakazi kamalowa pa kabowo ka kunsonga katanyamula ufa wa maluwa a mkuyu wina, mapiko n'kuthothokera pakhomo pomwepo. Kamaikira mazira, kamafera momwemo. Ana ake aamuna sakhala ndi mapiko, ntchito yawo ndi kuboola njira kuti aakazi atuluke, iwo n'kutsala. Aakaziwo moyo wawo ndi waufupi zedi, ayenera kupeza msanga mkuyu wokhala ndi nkhuyu zanthete. Mtengo ndi kachilomboko anazolowerana kalekale, wina sangabereke popanda mnzake. Nkhuyu imene sinalandire mlendo, mtengo umaitaya.

Atate anasiya kudya. Kukiliniki anandiuza kuti ndiziwapatsa chilichonse chimene mtima wawo ukufuna, ngati kuti sindinayese. Ndinaphika mazira, ndinasinja mbatata, ndinagula maheu. Ankatembenukira kukhoma. Lamba wa buluku lawo tinamuboola bowo lina, kenaka linanso. Ndikawasambitsa ndinkamva nthiti m'manja mwanga, ndipo ndinkachita mantha kwambiri.

Ndinatseka malonda n'kuyamba kusaka mkuyu. Ndikukula ine, mikuyu inalipo ku Lilanda ndi m'mphepete mwa Matero, tinkaigenda pochokera kusukulu. Ndinapita malo onse amene ndinkawakumbukira. Pena ndinapeza bala, pena tchalitchi, pena chitsa chakuda chimene owotcha makala anachisiya. Anthu ankandiyang'ana ngati mutu wanga sukuyenda bwino, mzimayi wamkulu kumafunsa za nkhuyu chimanga chowotcha chili pamsewu. Ku Matero ndinapeza kachere, ndinathyola zipatso zake n'kuthamanga nazo. Atate anapukusa mutu. Anati kachere ali ndi eni ake, ndipo eni akewo salowa mumkuyu. Ndinakhala pakhonde n'kulira ngati mwana, nsapato zili m'manja.

Mayi wina wogulitsa chikanda pafupi ndi ine kumsika ndiye anandiuza kuti ku komboni ya Linda, kuseri kwa nyumba ya mlongo wake, kuli mkuyu waukulu umene sanaudule chifukwa amamangirirapo chingwe choyanika zovala. Ndinakwera minibasi mpaka m'tauni, kenaka ina. Mtengo ndinaupeza, mbalame zikuchita phokoso m'mwamba, pansi pali nkhuyu zofiira zopondedwapondedwa. Mwini nyumba sanandifunse zambiri. Anandipatsa makwerero, ndipo ine, ndi chitenje changa ndi zaka zanga, ndinakwera. Ndinathyola zakupsa ndi zotsala pang'ono kupsa, monga atate anandiuzira, n'kudzaza ndowa. Pamwamba ndinamangapo nsalu.

Pobwerera kunatentha, ndipo tizilombo tinayamba kutuluka m'mbali mwa nsalu n'kumakwawa pagalasi. Mtsikana amene ndinakhala naye anakuwa. Kondakitala anatembenuka.

"Imwe bamayo, ni vichani ivi mwanyamula? Selukani navo, mwatipasa vidoyo mu basi!"

Ndinamuuza kuti akakhudza ndowayo aona chimene chinameta nkhanga mpala. Ndinavula duku langa n'kukulunganso pamwamba, ndinaikumbatira ndowa pamiyendo. Kalikonse kotuluka kankandipweteka mtima, chifukwa ndinkadziwa kuti sikafika kwathu.

Ndinawapeza atate atagona m'nyumba, maso ali kudenga. Ndinasankha nkhuyu yofewa n'kuwaikira m'dzanja. Chala chawo chinakanika kuing'amba, ndiye ndinaing'amba ine. Anayang'ana mkati nthawi yaitali, ndipo mbali ya pakamwa imene inkagwirabe ntchito inamwetulira. Anayesa kuuzira, mpweya sunatuluke. Ndinauzira ine. Anadya theka, pang'onopang'ono, kenaka analoza ndowa, n'kuloza kunja.

Mwamuna wanga anamva asanauzidwe. Anali atautsuka kale mtengo ndi madzi kangapo konse, ndipo unali utayamba kutulutsa tinkhuyu tina. Anakwera n'kumangirira nkhuyu za ku Linda m'nthambi ndi tizingwe ta saka.

Ndinabwereranso ku Linda, koma mbalame ndi ana anali atamaliza zonse. Nkhuyu za mumtengo wathu zinagwira. Sizinayoyoke, zinkakula tsiku ndi tsiku, ndipo ine ndinkazipempha mokweza kuti zifulumire. M'mawa ndinkazifinya, zolimba. Madzulo ndinkazifinyanso. Ndinkawauza atate kuti zatsala pang'ono, apirire, iwo n'kumangogwedeza mutu. Nkhuyu zilibe changu, zimapsa nthawi yake.

Zinapsa atate atagona kale kumanda, achibale ena a ku Katete asanabwerere kwawo. Zinali zambiri, moti zinkagwera pamphasa pamene tinkakhala. Ine sindinathe kuzikhudza. Mwamuna wanga anatola imodzi, anaing'amba, anayang'ana mkati, ndipo anaidya yonse osauzira.