Tchati Chimene Chinathamangitsa Dalitso Kupaki

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinasanduka katswiri wa masewera amene sindinkatha kusewera. Tinali titangosamukira ku Beaumont, dera la mumzinda wa Dublin, kumene mayi anga ankagwira ntchito ya unesi, ndipo chilimwe chimenecho matimu awiri a makoleji a ku America anabwera mu Dublin kudzasewera mpira wawo uja wooneka ngati papaya. Tinaonera pa TV. Anzanga ankasangalala ndi kugundana kwa zimphonazo, koma ine maso anali pa matchati amene ankaonetsa poyerekeza ma-quarterback awiriwo. Quarterback ndiye woponya mpira, amene timu yonse imadalira dzanja lake. Mawa lake ndinali kale mulaibulale, ndipo posakhalitsa ndinkakamba za oponya a makoleji akutaliwo ngati tinakulira limodzi.

Conor, mnyamata wa nyumba yoyandikana nafe, anali ndi mpira wa mtunduwo, choncho madzulo aliwonse tinkakumana kupaki. Oponya bwino anali awiri: Conor yemweyo ndi Dalitso wa ku Zambia, mnzanga woyamba m'dziko muno. Dalitso ndiye anandipeza tsiku loyamba kusukulu nditakumbatira radiator, chitsulo chotenthetsera m'kalasi, n'kunena kuti, "Iwe, ndiwe wa ku Malawi? Bwela unkhale na ine."

Anyamata a msewu wina atatiputa kuti tidzasewere nawo, panabuka mkangano: woponya wathu akhala ndani? Apa m'pamene ndinatsokomola n'kudzipereka. Pabwalo ndinalibe ntchito kwenikweni, manja anga anali ngati opaka sopo, koma za manambala ndinkadzimva.

"Tichite ngati ku college," ndinatero. "Manambala sanama."

Kwa masiku angapo ndinkasewera pensulo ili kukhutu, kapepala kali m'thumba, n'kumachonga mpira uliwonse woponyedwa: wagwidwa kapena wagwa. Kenako ndinang'amba katoni ya cornflakes, kutenga rula, n'kujambula mizati iwiri. Wa Conor, wobiriwira, unatalika ngati chumuni. Wa Dalitso, wofiira, unathera m'chiuno mwa unzakewo.

Nditaonetsa tchaticho kupaki, Conor anadumphadumpha. Dalitso anachiyang'ana nthawi yaitali, manja ali m'thumba la jekete.

"Okay, a Professor," anatero, n'kuuyamba wa kwawo. Tsiku lotsatira sanabwere. Linzakelo chimodzimodzi. Kusukulu ankandipatsa moni ndi chibwano chokha. Zinkandipweteka, koma ndinkadzitonthoza kuti choonadi chimawawa basi.

Lamlungu tinapita ku Rathmines kukaona amalume Gift, mlongo wawo wa mayi, amene ankachita masters ya statistics, maphunziro osanthula manambala. Ankakhala m'kachipinda kam'mwamba m'nyumba yakalekale, konunkha chinyezi ndi anyezi wokazinga. Tchati changa ndinachinyamula kuti akandiyamikire, ife anthu a ntchito imodzi.

Anachiika pabondo n'kukonza magalasi.

"Mphwanga, mizere yako ndi yowongoka bwino. Koma tandiuza, mpirawu ukaponyedwa umadzigwira wokha?"

"Ayi, ankolo."

"Conor amaponyera ndani?"

"Tunde ndi Seán. Ataliatali aja, sagwetsa."

"Nanga Dalitso?"

Dalitso ankaponyera aliyense. Ankaponyera kamlongo kake ka Conor, kamene mpira unkakabisa nkhope yonse. Ankaponyera kamnyamata kena kamagalasi kongobwera kumene. Koma amene ankamuponyera kwambiri, akukuwa kuti "Gwila, mwana, gwila!", ndinali ine. Mipira yambiri imene inafupikitsa mzati wake inagwa kuchokera m'manja mwangamu, ndipo ndinkaitola pansi n'kuilemba mosamala pa dzina lake.

Nditawaululira zimenezi, amalume anaseka mpaka mayi anasuzumira kuchokera kukhitchini.

"Ndiye wayeza mkono wa mnzako kapena wayeza zala zako? Kajambulenso. Ulendo uno wogwira aliyense akhale ndi mzati wake. Iwenso usadzisiye."

Ndinajambuladi. Wa Tunde unatalika, wa Seán unatalika, ngakhale kamlongo ka Conor kanali ndi kenakake. Wanga unali waufupi moti ndinachita kujambula muvi woloza pamene unali.

Ndinapita nacho tchati chatsopanocho kwa Dalitso mvula ikuwaza. Anatsegula chitseko, osandiuza kuti ndilowe.

"Ufuna chani?"

Ndinangotambasula katoniyo. Anaiyang'ana, akulimbitsa milomo.

"Nanga iwe uli kuti apa?"

"Apo, pamene paloza muvipo."

"Iyi? Nenze kuganiza ni doti!"

Kuseka kunamuphulika, nanenso kunandigwira, mpaka mayi ake anakuwa kuti titseke chitseko, heating ikuthawa.

Kupaki tinayesanso, oponya onse awiri kuponyera anthu omwewo. Conor atangondiponyera ine kangapo, mzati wake unayamba kufota, ndipo anavomera yekha kuti azisinthana ndi Dalitso. Tsiku la masewero ndi anyamata a msewu wina aja, Dalitso atagwira mpira, Tunde anali poyera akukupiza manja. Ine ndinkapemphera kuti asandione. Anandiona. Mpira unandimenya pachifuwa n'kukanirira pakati pa chigongono ndi chibwano. Ndinaugwira! Ndinadabwa kwambiri moti ndinangoima kuuyang'ana, mpaka mnyamata wina wonenepa anandigwetsera m'matope. Tinagonja tsiku limenelo, koma sindikumbukira ndi zingati, ine mwini manambala.

Mpaka lero matchati ndimawakonda. Nyengo ya mpira wa makoleji ikafika ndimayerekezabe ma-quarterback, ndipo Dalitso, amene tsopano ali ndi ana akeake, amanditchabe Professor. Koma ndikaona mzati waufupi sindifulumira kuweruza. Ndimayamba ndafunsa kuti munthuyu ankaponyera ndani, chifukwa ndikudziwa mmodzi amene anafupika pa tchati poti sankafuna kuti mnzake wa manja a sopo aziima yekha pabwalo.