Chithunzi cha Zidakwa Pabalaza Pathu

Chithunzicho ndinachigula pamsika ku Fremantle, kunja kuno kumene tikukhala, chifukwa chinandiseketsa. Ndi chachikalekale, cha ku Holland, chojambulidwa dala kuti chinyoze uchitsiru wa anthu: zidakwa zikumenyana, wina akusanza pansi pa tebulo, azimayi akulandana mbale.

Apongozi anga atabwera kudzacheza kuchokera ku Lilongwe, anaima pabalaza n'kufunsa, "Kodi anthuwa akutani?"

Manyazi anandigwira. "Ndi ukwati wa ku Kana, amayi."

Bodza lopanda ntchito! Ndikanangonena kuti ndi nthabwala za azungu akale, nkhani ikanathera pomwepo. Koma ayi, Lamulungu apongoziwo anabwera ndi abusa a mpingo wathu wa ku Mirrabooka kuti nawonso adzaone. Ndinathawira kukhitchini, koma anandiitana.

Abusa anavala magalasi n'kuchiyang'ana nthawi yaitali.

"Nanga Ambuye Yesu ali pati, mayi?"

M'malo moulula, ine wopusa ndinaloza bambo wina wandevu pakona, osayang'anitsitsa n'komwe.

Abusa anatsokomola. "Komatu ameneyu akumeta nkhumba."

Apongozi sanaseke. Anangoti, "Pitani mukatereke madzi a tiyi."