Kumeta kwa Amayi Aang'ono

Ndikukumbukira chilimwe china kwathu ku Nsambe, chisankho cha matipate chitangopita kumene. Ndinali mu Sitandade 2. Kunabwera galimoto yoyera kuchokera ku Blantyre, itanyamula anthu ojambula filimu yophunzitsa za Edzi. Ankafuna anthu a m'mudzi momwemo oti asewere.

Mng'ono wawo wa amayi anga, a Felesiya, ankadziwika ndi masewero a kutchalitchi. Ankatha kutsanzira aliyense, ngakhale kayendedwe ka abusa. Anali atangokwatiwa ndi a Lumbani a ku Matope, munthu wofatsa wokonza njinga, yemwe ankakhala kwathu pachikamwini. Ojambulawo anasankha a Felesiya kuti akhale mayi wofedwa mwamuna, ine n'kukhala mwana wawo. Ananditenga chifukwa sindinkayankhulayankhula, ndipo mwana wa mufilimuyo analibe mawu.

Mkulu wa ojambulawo ananena kuti namfedwa ayenera kumetedwa, monga timachitira maliro akatha. A Felesiya anavomera osafunsa munthu. Anawameta ndi lezala kuseri kwa nkhokwe. Ndimakumbukabe fungo la sopo, ndi tsitsi likugwera pafumbi, nkhuku n'kumalijompha. Ine anandipaka anyezi m'munsi mwa maso, koma a Felesiya sanafune anyezi. Kamera itayatsidwa anagwa pansi n'kulira mokoka mawu, akuitana mwamuna wa mufilimuyo, mpaka mnyamata wogwira maikolofoni anayang'ana kumbali.

Kulirako kunamveka kutsidya kwa mtsinje. Posakhalitsa amayi a m'midzi yozungulira anayamba kufika ndi nkhuni pamutu, ena ndi timbale ta ufa. Atauzidwa kuti ndi sewero, ena anaseka, ena anabwerera ndi ufa wawo akung'ung'udza. Koma uthenga unali utapita kale ku Matope ndi munthu wina wa pa njinga, wakuti Felesiya wa ku Nsambe wameta.

M'mawa mwake apongozi awo, amayi a Lumbani, anatsika matola akulira, maso atatupa. Anapeza mwana wawo ali pakhonde, akumata chubu. Anamugwira mapewa, anamugwira kumaso, kenako anatembenukira mutu wosalala uja.

"Mwandimetera mwana ali moyo?" anafunsa motsitsa mawu.

Ankhoswe anaitanidwa tsiku lomwelo. A kuchimuna anati amenewo ndi malodza, kuitanira munthu imfa. Anagamula kuti ukwati upitirira pokhapokha a Felesiya asiye filimuyo pomwepo, zojambulidwazo zifufutidwe. Amayi anga anachonderera mng'ono wawoyo kuti avomere. A Lumbani anangowerama, akukanda guluu amene anauma m'zala. A Felesiya anawafunsa kawiri kuti iwo eni ake akuti bwanji, ndipo iwo anati sangatsutse amayi awo.

Madzulo ake a Felesiya anapita kukamaliza gawo lotsala. Pobwerera anapeza a Lumbani ndi zitsulo zawo zokonzera njinga palibe.

Filimuyo itatha a Felesiya anapita ndi ojambulawo ku Blantyre. Anayamba ndi masewero a pawailesi, kenako a pakanema, mpaka analandira mphoto kunja kwa dziko. M'masewero akhalapo namwino, mfiti, ngakhale mkazi wa nduna. Sanakwatiwenso. Ine sukulu inandikanika, ndipo kamera sindinaimenso patsogolo pake.

Chaka chatha a Lumbani anamwalira ku Matope, atadwala shuga. Anasiya mkazi wina ndi ana. A Felesiya anabwera kumaliro, ndipo ndinawaperekeza ndili ndi khanda langa kumsana. Anthu atawazindikira anayamba kunong'onezana, achinyamata n'kutulutsa mafoni, kudikira kuti aone kulira kwa pakanema kuja. A Felesiya anakhala kumbuyo pamphasa, atafunda chitenje kumutu, osalira mpaka kumanda. Tikudikira minibasi ndinalimba mtima n'kuwafunsa chifukwa chake.

"Ndikanalira akanati ndikusewera," anatero.

Masiku ano zinthu zinasintha. Ana a m'mudzi amajambulana ndi foni, wina kugona pansi ngati wafa, anzake n'kumamulira, makolo akuseka pakhonde. Palibe amene amaitana ankhoswe. Amayi omwe anabwerera ndi ufa aja amauza alendo monyadira kuti Felesiya ndi mwana wa kwathu kuno. A Felesiya akamva amangomwetulira, ndipo kumudzi sagonako.